Tepi Yofiira ya a Pasipoti

Sajeni wapolisi atalowa m'shopumo Lachitatu m'mawa, anapeza a Pasipoti ali pakati pa nkhani ya ndege imene inatera ndi tayala limodzi iwo ali momwemo. Makasitomala awiri anali atatsamira pa kauntala, ataiwaliratu chimene anabwerera. Dzina lakuti Pasipoti silinali lobadwa nalo. Anthu anawapatsa chifukwa munthu sankatha nawo mphindi zisanu osamva za mayiko khumi ndi anayi amene anapondamo, ndi momwe anayambira ndi sikuludilaiva imodzi yobwereka mpaka kufika pokhala ndi shopu ya magalasi yokonzera makompyuta. Mapasipoti atatu odzaza zidindo anali m'felemu pakhoma, pamwamba pa ziphaso.

Sajeniyo anali mayi wamfupi, wolankhula motsitsa, ali ndi kabuku m'manja. Anadikira mpaka ndege itatera.

"Ndinu amene munaika kompyuta yatsopano mu ofesi ya kusukulu ya atsikana?"

"Manja ake ndi awa, mayi. Yavuta? Singavute."

"Siinavute. Tiyeni mukandithandize kuiwerenga."

Nkhani anaifotokozera m'galimoto. Sukuluyo inalembetsa mayeso olowera, ana mazana atatu kulimbirana malo aulere makumi awiri. Aphunzitsi ankatumiza mafunso ndi mayankho pa imelo ya ofesi, mlembi n'kumasindikiza. Pa pepala la mayankho a masamu, mphunzitsi analakwitsa funso la nambala seveni: analemba 46 pomwe yankho linali 64. Anadzazindikira pochonga, mayeso atalembedwa kale. Koma ana khumi ndi mmodzi, ochokera m'masukulu osiyanasiyana, onse analemba 46.

"Mwana akhoza kulakwitsa," anatero Sajeni. "Koma khumi ndi mmodzi kulakwitsa mogwirizana ndi aphunzitsi, ndiye kuti anaona pepala."

A Pasipoti anaseka mpaka kugunda tchafu. "Akuba a masiku ano alibe ulemu ndi ntchito yawo. Kuba ndi zolakwa zomwe!"

Sajeni sanaseke. "Amene akuganiziridwa ndi mlembi. Ngati sipapezeka china, mawa masana ndimutsegulira mlandu."

*

Ahedi anawalandira ataimirira, akukonza tayi.

"Mayi Sajeni, ine ndimakonda zinthu zolongosoka. Makiyi a ofesiyo alipo awiri, anga ndi ake. Pasiwedi ya imelo timaidziwa awiri, ine ndi iye. Pepala la masamu linatumizidwa Loweruka masana. Loweruka limenelo ine ndinali pa ukwati wa mphwanga, pamaso pa anthu mazana anayi, ndipo ndinalankhula kawiri. Chotsani ine, atsala ndani? Awa si masamu ovuta."

"Wagwira pano zaka zingati?"

"Khumi ndi zisanu ndi zinayi. N'chimene chikundipweteka. Komiti yanena kuti achoke lero, kalata ndalemba kale."

"Munalemba nokha?"

Ahedi anatsokomola. "Ndi dzanja. Sindikanamupatsa kuti ataipe."

*

Mlonda anali atakhala pa njerwa pageti, akusenda nzimbe ndi mano.

"Loweruka? Anabwera, inde. Ine bodza ndimalisiya kunyumba ndikamabwera ku ntchito. Cha m'ma thili koloko. Akuti ndaiwala magalasi, mawa kutchalitchi ndikawerenga chiyani. Analowa, anatuluka. Nzimbe ngati iyi ndinali ndisanamalize mfundo imodzi."

"Anayatsa kompyuta?"

"Bwana, chimakina chatsopanocho chikamayaka chimaimba. Tiliri-liii. Ndimachimva ndili pano, mpaka galu amadzuka. Tsiku limenelo galu anagona mpaka madzulo." Anatembenukira kwa a Pasipoti. "Si inu munachiphunzitsa kuimba, akulu? Munandiuza kuti kunja kuli zina zoti zimapereka moni."

"Zilipo," anayankha a Pasipoti. "Ndinaziona ndi maso angawa."

*

Mlembi anamupeza pa desiki yake, zinthu zake zili kale m'katoni: kapu, chithunzi cha ana, nsapato zosinthira. Anali mayi wa imvi zoyambirira, wolankhula mawu owerengeka ngati akutaipa.

"Lachisanu ndinatseka faifi koloko. Pepala la masamu linali lisanafike. Loweruka ndinatenga magalasi, sindinakhudze chilichonse. Lolemba ndinayatsa hafu pasiti seveni. Kalata inalipo, koma yotsegula kale."

"Munadziwa bwanji?" anafunsa Sajeni.

"Kalata yosawerenga imakhala ya zilembo zakuda, zonenepa. Ukaitsegula zimawonda. Imeneyo ndinaipeza yowonda. Sinali yoyamba. Chibwerere kompyutayi, makalata ena amafika choncho. Ndinauza ahedi, anati zatsopano zimatero." Anatembenuka pang'ono. "Inunso ndinakuimbirani, bambo."

A Pasipoti anaikumbuka foni imeneyo. Inawapeza akupimitsa suti kwa telala. Anayankha kuti, "Chitukuko chimenecho, mayi, muzolowera," n'kudula, telala n'kuseka nawo.

Anakhala pa mpando, n'kugwira mausi. Dzanja limene linakonzapo makina a pa doko ndi a m'mahotela a nsanjika makumi atatu linasowa poyambira. Pa sikilini makalata anali pamzere, ena akuda, ena owonda. Akuda anali a zotsatsa malonda ndi a misonkhano. Owonda onse anali ochokera kwa aphunzitsi.

"Tandifotokozerani zimene munachita tsiku losamutsira zinthu mu kompyuta yatsopanoyi," anatero Sajeni. "Ngati mukufotokozera mwana."

Apa pokha mawu anawabwerera a Pasipoti. "N'zophweka, mayi, kwa amene akudziwa. Pulogalamu ya imelo ili ndi chikwatu chake m'kati mwa kompyuta. M'menemo muli zonse: adiresi ya ofesi, njira yokatengera makalata, pasiwedi yosungidwa, mayina a anthu, ngakhale kasiginecha ka ahedi kapansi kaja. Anzathu ena amayamba kulemba chimodzi ndi chimodzi, tsiku lonse. Ine ndimakopera chikwatu chonsecho pa fulashi, n'kukachiika mu yatsopano. Mphindi makumi awiri. Amayiwa atayatsa anapeza zonse zili pamalo pake ngati sanasamuke."

"Mwati kukopera."

"Eya."

"Osati kuchotsa. Ndiye yakale ija imatsala nazo?"

A Pasipoti anali ndi lamulo lawo limene ankanyadira kuposa ziphaso zonse. Analiphunzira kwa nkhalamba ina imene inawalemba ntchito kunja: kompyuta yakale usaifufute tsiku lomwelo. Isiye yamoyo masiku asanu ndi awiri, kuopa kuti mu yatsopano mungasowe kanthu. Imate tepi yofiira, ulembepo deti. Tsiku lachisanu ndi chiwiri ufufute zonse, kenako uchotse tepi. Kwa zaka makumi awiri kompyuta ya tepi yofiira inali isanatulukepo m'manja mwawo.

"Imatsala nazo kwa sabata," anatero. "Kenako ndimafufuta."

"Munafufuta?"

"Mayi, ine ndagwira ntchito m'mayiko khumi ndi anayi."

"Sindinafunse mayiko. Ili kuti?"

"Ahedi anati ndiichotse, kukubwera alendo. Anandipatsa. Ndinaiphwasula, zipangizo zake zinalowa m'makina ena."

Sajeni analemba m'kabuku, mosafulumira. Mlembi anawayang'ana a Pasipoti kamodzi kokha, kenako anawerama n'kuika sitepula m'katoni. Anaitulutsanso, poti inali ya sukulu.

*

A Pasipoti sanabwerere ku shopu. Anauza Sajeni kuti awatsitse pa mphambano, akaone kasitomala, ndipo anayenda wapansi dzuwa lili paliwombo, munthu amene ankati kuyenda pansi anasiyira osauka.

Ankaliona tsikulo ngati dzulo. Kompyuta yakale ili pa kauntala, tepi yake ili pamwamba, patangopita masiku atatu. M'shopu muli anthu asanu akumvera nkhani ya chipale chofika m'chiuno. Kenako analowa mlamu wawo, mlongo wa akazi awo, mphunzitsi wosowa sukulu yomulemba ntchito, amene ankaphunzitsa ana mwapadera m'chipinda cha kuseri kwa nyumba yawo. Anaisisita kompyutayo n'kunena kuti, "Alamu, ine nditakhala ndi kotereka, ana anga ndikanamawatayipira mafunso." Anthu asanu aja anatembenuka kuti aone chimene munthu wamkulu achite. A Pasipoti anatambasula manja. "Nyamulani! Kwa ine izi n'zidole." Tepi anaiona. Anati mumtima adzafufuta Lamlungu. Lamlungulo kunabwera alendo, ndipo nkhani ya tayala limodzi inafunika kunenedwa kawiri.

Waya wa intaneti wopita kuseriko anakoka okha, mwaulere, n'kuuza msewu wonse.

Ndipo pa chakudya cha masana sabata yathayi mlamuyo anati chiyani? "Ana anga onse alowa, alamu, muona. Onse khumi ndi mmodzi." Iwo anamuwombera m'manja, n'kunena kuti nzeru zimayenda ndi nyumba.

Atafika kunyumba analunjika kuchipinda cha kuseri, chimene chinali ndi mabenchi atatu ndi bolodi. Mlamu anali akufufuta bolodilo. Kompyuta inali pa tebulo pakona, itafundidwa nsalu yoluka. A Pasipoti anachotsa nsaluyo. Tepi inalipo, yofiira ngati tsiku loyamba, deti lili m'zilembo zawo zomwe, zopendekera ngati za munthu wosaina mapangano a mayiko.

Anayatsa. Pulogalamu ya imelo inatseguka yokha, ndipo asanakhale n'komwe pansi, kalata yatsopano inagwa, ya zilembo zakuda zonenepa. Inali yochokera kwa wapampando wa komiti, kupita kwa ahedi. Mutu wake unali wakuti: Za kuchotsedwa ntchito kwa mlembi.

"Alamu," anatero osatembenuka. "Funso la nambala seveni, yankho lake ndi chiyani?"

Chofufutira chinagwa pansi. Mlamu anachitola, n'kuchipukuta bwinobwino ngati chingasweke.

"Tiyeni tilankhule ngati anthu ophunzira, alamu. Ine sindinathyole chitseko cha munthu. Sindinapemphe pasiwedi kwa aliyense. Ndinayatsa makina amene munandipatsa inuyo, zinthu n'kumangogwa zokha ngati mango. Poyamba ndinkatseka maso. Koma ana amenewa mumawaona. Wina amabwera nsapato zosiyana. Ndiye pepala likugwere pamaso, iwe uyang'ane kudenga?"

"Mukanandiuza."

"Ndimayesa mukudziwa. Katswiri ngati inu angapereke kompyuta osadziwa zili m'kati?"

Mawu amenewo anawalowa kuposa mbama. Pakhomo panaima akazi awo, manja ali ndi thovu la sopo. Anali atamva zokwanira.

"Bambo, apolisi akudziwa?"

"Ndawauza kuti ndinaiphwasula."

"Ndiye iphwasuleni." Analowa, n'kutseka chitseko ndi chigongono. "Si ntchito yanu imeneyi? Mumati mphindi khumi zimakukwanirani. Uyu ndi mlongo wanga, ndinamulera ndine amayi atamwalira. Akamangidwa sadzaphunzitsanso. Inunso ndani adzakupatseni kompyuta ya ofesi akamva izi? Mapasipoti anuwo mudzawaphika?"

"Kuli mayi amene akuchotsedwa ntchito."

"Alibe umboni womumangira. Amusiya."

"Amusiya wopanda ntchito. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi."

"Ndiye mukufuna tilire tonse kuti iye aseke?"

Sizinali mphindi khumi n'komwe. Zinali zitatu. Kufufuta chikwatucho, kuchotsa diski, kuimenya ndi hamala, mawa kupita kusukulu ngati mpulumutsi n'kukasintha pasiwedi. Makalata akanasiya kuwonda. Ana khumi ndi mmodzi akanapitiriza kunena kuti anawerenga molimbika, makolo awo akanatseka pakamwa, ndipo Sajeni akanatsala ndi makiyi awiri, ukwati wa anthu mazana anayi, ndi mayi amene anaiwala magalasi.

A Pasipoti anaika muvi wa mausi pa chikwatucho. Anakanda kona ya tepi ndi chikhadabo, inayamba kumatuka. Lamulo linkati tepi imachoka zonse zikafufutidwa. Anayang'ana kalata yakuda ija. Akanaitsegula pano, kusukulu ikanawonda pamaso pa mlembi, ngati anali adakali pa desiki. Mayiyo akanaiona ikusintha, n'kudziwa kuti wina kwinakwake akuwerenga za kuchotsedwa kwake iye asanawerenge. Ndipo akanauza ndani? Anauza ahedi. Anaimbira katswiri. Katswiri anali kwa telala.

Anakanikizanso tepiyo ndi chala chachikulu mpaka inamata.

"Alamu, valani jekete."

"Bambo," anatero akazi awo, motsitsa kwambiri.

"Sindikukakamiza munthu. Ine ndikupita ndi katundu wanga. Amene akufuna kuti akanene yekha asanamutenge, galimoto ili panja."

Anazimitsa, anazula mawaya, n'kuinyamula pachifuwa. Inali yolemera kuposa mmene ankakumbukira. Akazi awo sanawatsekereze, koma sanawatsegulirenso chitseko. Anatsegula okha ndi phazi. Anadikira m'galimoto mphindi zisanu, injini ikulira. Mlamu sanatuluke.

*

Kupolisi, mlembi anali pa benchi ya m'khonde, katoni yake ili pamiyendo. Anamuitana kuti adzasaine zimene ananena. Ataona a Pasipoti akubwera atakumbatira kompyuta, maso ake anapita pa tepi yofiira, n'kukhala pomwepo.

Sajeni anasuntha mafayilo kuti pa tebulo papezeke malo. Anaizungulira kompyutayo, anawerenga deti, n'kuyang'ana zomangira zake zakumbuyo, zimene zinali ndi fumbi la zaka.

"Mwaimanganso msanga," anatero. "Ndi fumbi lomwe mwabwezera."

"Sindinaiphwasule, mayi."

"Ndikudziwa. Munthu amene anandifotokozera za fulashi kwa mphindi khumi, za kuphwasula anangonena mawu asanu ndi limodzi. Ndinawerenga." Anatsegula kabuku. "Makolo awiri andiuza kale kumene ana awo amaphunzira masana. Ndimati ndibwere kwanu mawa m'mawa. Ndikanapeza chiyani?"

A Pasipoti anayang'ana tepiyo. "Mukanapeza tebulo ndi nsalu yoluka."

"Ndiye mwachita bwino kundisungira mafuta. Mwakhudzamo chilichonse?"

"Ayi. Muli kalata imodzi yosatsegula. Ndi yonena za amayi ali panjawo. Ndikupempha alowe, amve nawo."

Sajeni anakodola mlembi. Mayiyo analowa ndi katoni yake, anakana mpando, n'kuima pafupi ndi chitseko.

"Mayi," anatero a Pasipoti, "tsiku lija munandiimbira."

"Pa 9, Lachinayi, kota tu leveni," anatero mlembi. "Munati ndizolowera."

"Ndinatero."

"Sindinazolowere."

A Pasipoti anavula chipewa chimene anagula pa bwalo la ndege la dziko lachisanu ndi chinayi, anasowa pochiika, n'kuchigwira ndi manja onse awiri ngati mwana wasukulu.

Sajeni anatembenuza tsamba latsopano. "Dzina la mlamu wanu mundipatsa pomaliza. Yambani pachiyambi, bambo. Mwachidule, ngati mungathe."

Anayambira pa tepi. Ananena za masiku asanu ndi awiri, za anthu asanu amene anali m'shopu, za manja amene anatambasula, za Lamlungu limene sanafufute. Inatenga mphindi zinayi zokha, ndipo inali nkhani yoyamba ya a Pasipoti yopanda ndege.